MOWA NDI CIONGOLERO: KODI KHOTI LIDZIWA BWANJI AMENE ANALI KUYENDETSA?

Pansipa tasindikiza mau amene mkulu wina wa zofalitsa nkhani za Boma analankhula kwa atsogoleri a m'midzi yozungulira Chipata, pa msonkhano wokambirana za ngozi za pamseu.



Nkhani imeneyi si yacilendo kwa wina ali yense wa ife. Tonse takhalapo pa maliro a munthu amene anacoka pakhomo m'mawa ali bwino bwino, madzulo nabwera atanyamulidwa. Malipoti a apolisi aonetsa kuti m'caka ca 2021 anthu oposa 2,000 anafa pa ngozi za pamseu m'Zambia muno, ndipo m'caka ca 2022 ciwerengero cinaposanso 2,000. Bungwe la zaumoyo la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati pa dziko lonse lapansi ngozi za pamseu zipha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni caka ciri conse. Zifukwa za ngozi ndi zambiri: liwiro, matayala otha, mabuleki ofooka, tulo ta woyendetsa. Koma pakati pa zifukwa zonsezi pali cimodzi cimene munthu amacigula ndi ndalama zake, nacimwa ndi kamwa lake. Ndico mowa.

Miseu yathu muidziwa. Mseu waukulu wa Great East ucokera ku Lusaka, nudzera ku Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, nufika m'Chipata ndi kupitirira ku malire a Mwami. Ulipo wa ku Lundazi, wa ku Mfuwe, ndi wa ku Chadiza. M'miseu imeneyi muyenda malole ndi mabasi, komanso muyenda ngolo za ng'ombe, njinga zonyamula anthu ndi makala, ana a sukulu, ndi amai osenza tomato kupita ku msika wa Kapata. Pa nyengo yogulitsa cimanga, fodya, thonje ndi nsawa, pa Khrisimasi, ndi pa masiku amene makamu apita ku Mtenguleni mu February kapena ku Mkaika mu August, miseu imadzaza, ndipo woyendetsa mmodzi woledzera akwanira kuliza midzi itatu.

Tsono pali dandaulo limene ndimalimva pafupifupi pa msonkhano uli wonse. Anthu amati: "Uje tinamuona ataledzera, anagunda mwana, koma khoti linammasula. Kodi si ndalama zimenezo?" Lero ndifuna kuyankha funso limeneli mosabisa. Kawiri kawiri cimene cimasula woledzera si ndalama ai, koma kusowa kwa umboni. Ndipo umboniwo umasowa m'manja mwa ife amene tinaona.

CIMENE LAMULO LINENA

Lamulo lalikulu la zapamseu m'dziko muno ndi Road Traffic Act, nambala 11 ya caka ca 2002. Lamuloli ndilo linakhazikitsa bungwe la RTSA, limene lipereka malaisensi ndi kuyang'anira citetezo ca pamseu pamodzi ndi apolisi. M'menemo muli ndime zingapo zoyenera kuzidziwa. Ndime 154 ndi 155 zikamba za kuyendetsa mosasamala ndi kuyendetsa moopsa. Ndime 157 ikamba za munthu amene ayendetsa, kapena kuyesa kuyendetsa, galimoto pamseu ataledzera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza mutu. Ndime 156 ikamba za munthu woledzera amene galimoto iri m'manja mwake ngakhale siikuyenda. Ndime 161 ikamba za kupha munthu kaamba ka kuyendetsa moopsa.

Lamulo likati galimoto, silitanthauza basi ndi lole zokha. Njinga yamoto, imene anyamata athu ambiri anyamulira anthu masiku ano, iri m'gulu lomwelo. Thirakitala ikalowa pamseu iri m'gulu lomwelo. Wopezeka wolakwa angalipitsidwe ndalama, angamangidwe, ndipo khoti lingamlande laisensi kwa nthawi.

Milandu imeneyi siiweruzidwa pa bwalo la mfumu kapena ku khoti laling'ono la miyambo. Ipita kwa mejasitiriti, ndipo mlandu wa imfa umafika ku Khoti Lalikulu. Amene aimira Boma pozenga mlandu ndi a National Prosecution Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la caka ca 2010.

MAFUWA ATATU

Amai adziwa kuti mphika ukhala pa mafuwa atatu. Mukacotsa fuwa limodzi, nsima itayika. Mlandu wa kuyendetsa utaledzera ukhalanso pa mafuwa atatu. Loyamba: kuti munthu amene waima m'khotiyo ndiye anali pa ciongolero, osati wina. Laciwiri: kuti cimene anacitaco cinali kuyendetsa, kapena kuyesa kuyendetsa, pamseu. Lacitatu: kuti pa nthawi imeneyo, osati pambuyo pake, anali woledzera monga momwe lamulo litanthauzira.

Ndani ayenera kuimika mafuwa amenewa? Ndi Boma. Malamulo aakulu a dziko lathu, m'ndime 18, anena kuti woimbidwa mlandu ayesedwa wosalakwa kufikira atapezeka wolakwa, kapena atabvomera yekha. Khoti Lalikulu Kopambana linatsindika mfundo imeneyi m'caka ca 2004 pa mlandu wa Mwewa Murono: katundu wotsimikiza mbali iri yonse ya mlandu ali pamutu pa ozenga mlandu kucokera poyamba kufikira pomaliza, ndipo umboni uyenera kucotsa cikaiko conse comveka. Woimbidwa mlandu sakakamizidwa kutsimikiza kuti ndi wosalakwa.

Ena a inu mungaone ngati lamulo lotere licinjiriza zidakwa. Iai. Licinjiriza inu. Tsiku lina mdani wanu angakulozeni cala kuti ndinu munali kuyendetsa, ndipo pa tsikulo mudzayamika kuti khoti silimanga munthu pa mphekesera.

ANALI PA CIONGOLERO NDANI?

Wapolisi akaimitsa galimoto pamseu napeza munthu pa mpando wa woyendetsa, fuwa loyamba silibvuta. Bvuto lidza kuno kumidzi, kumene apolisi amafika ngozi itacitika kale. Apeza galimoto yagona m'ngalande, amuna atatu aima pambali, onse akununkha kacasu, ndipo ali yense akuti, "Si ine." Apa ndipo khoti lifuna umboni, ndipo umboniwo uli wa mitundu inai.

Mtundu woyamba ndi mboni yoona ndi maso. Koma kunena cabe kuti "ndinamuona" sikukwanira. Woweruza adzafunsa: inali nthawi yanji? Kunali kuwala kwa dzuwa, kwa mwezi, kapena kwa nyali za galimoto ina? Munali patali bwanji? Munamuona kwa nthawi yaitali bwanji? Munali kumdziwa kale? Anabvala ciani? Pa mlandu wa Nyambe m'caka ca 1973, oweruza a apilo anacenjeza kuti pa kuzindikira nkhope munthu woona mtima angathe kulakwitsa osadziwa, ndipo kuti funso silili lakuti mboniyo ndi yonama kapena ai, koma kuti kuona kwake ndi kodalirika kapena ai. Cifukwa cace musakwiye pamene loya akufunsani mafunso otere. Ndiyo nchito yake, ndipo yanu ndi kuyankha mwacifatse.

Mtundu waciwiri ndi umboni wa zizindikiro. Mlenje saona nyama nthawi zonse, koma mapazi ndi magazi pa udzu zimuuza kumene yapita. Momwemonso pa ngozi: makiyi anapezeka m'thumba la yani? Injini inali yotentha kapena yozizira? Nsapato imene inatsalira pansi pa mabuleki ndi ya yani? Magazi pa galasi la kutsogolo ali mbali iti, ndipo wabvulala pamphumi ndani? Adokotala angaone cipsera ca ciongolero pa cifuwa, kapena mzere wa lamba wa pampando paphewa. Ndipo popeza magalimoto athu ambiri ali ndi ciongolero kumanja, lamba wa woyendetsa udutsa paphewa la kumanja, pamene wa wokhala pambali pake udutsa la kumanzere. Mpando unakankhidwira kutsogolo monga wa munthu wamfupi, kapena kumbuyo? Koma pa mlandu wa David Zulu m'caka ca 1977, umene unali wa kupha munthu, Khoti Lalikulu Kopambana linati umboni wa zizindikiro uyenera kukhala wamphamvu kotero kuti ucotsa mlandu m'zongoganizira, nusiya yankho limodzi lokha, lakuti woimbidwayo ndiye wolakwa. Ngati zizindikiro ziloza anthu awiri mofanana, khoti silingasankhe mmodzi mwa maere.

Mtundu wacitatu ndi mau a woimbidwa mlandu mwini. Munthu akatuluka m'galimoto nalira pamaso pa anthu kuti, "Ndapha, mabuleki anandikana," amene anamva ndi makutu ao angakanene m'khoti. Koma mau olankhulidwa kwa apolisi ali ndi malamulo ake. Wapolisi ayenera kucenjeza munthuyo coyamba kuti sakakamizidwa kunena kanthu, ndi kuti zimene adzanena zingakhale umboni. Kubvomera kofinyidwa ndi ndodo, ndi ciopsezo kapena ndi lonjezo sikulandiridwa. Mlandu wa Zeka Chinyama ndi anzake wa caka ca 1977 ndi umodzi wa milandu imene inalongosola zimenezi.

Mtundu wacinai ndi mau a okwera nao. Apa khoti limacenjera koposa. Ngati anthu awiri anali kutsogolo kwa lole ndipo onse anamwa, ali yense ali ndi cifukwa cokankhira mnzake. Pa mlandu wa George Musupi m'caka ca 1978 anaweruza kuti mboni imene ingakhale ndi cake cofuna kupulumutsa iyenera kumvedwa mosamala, ndi kuti khoti litsimikize kuti palibe ngozi ya kunamizira munthu. Ndico cifukwa mau a mai wongodutsa ndi mtolo wake wa nkhuni, amene alibe mbali, angalemere kuposa mau a anthu atatu a m'galimotomo.

Ndipo pali cinthu cimodzi cimene si umboni konse: zakumva. "Anandiuza apongozi anga kuti anamva kwa wogulitsa mowa" ndi nkhani ya pa mtondo. M'khoti iribe malo. Ayenera kubwera ndi wogulitsa mowayo mwini.

KUYENDETSA NDI CIANI?

Funso ili lioneka ngati la ana, koma laweruzitsa milandu. M'dziko la England, m'caka ca 1974, munali mlandu wa munthu wina dzina lake MacDonagh, amene anali woletsedwa kuyendetsa. Iye anakankha galimoto ali ciimire pamseu, phewa pa citseko, dzanja limodzi pa ciongolero. Khoti la apilo la kumeneko linati mtima wa kuyendetsa ndiwo kugwiritsa nchito ziongolero za woyendetsa polamulira kayendedwe ka galimoto, koma kuti kukankha kotere, mapazi onse ali pansi, sikungachedwe kuyendetsa m'kalankhulidwe ka anthu. Zigamulo zotere za ku England sizimanga makhoti athu, koma oweruza athu amaziwerenga popima milandu yofanana.

Musathamangire kukondwa, inu amene mumakankhitsa galimoto kuti ilire. Amene wakhala pampando nagwira ciongolero, anzake akukankha, ndiye akulamulira kumene galimoto ipita, ngakhale injini isanalire. Amene walowetsa kiyi nayesa kuliza injini kuti anyamuke, koma batire yamkana, angaimbidwe mlandu wa kuyesa kuyendetsa. Ndipo amene wapezeka ali gone pa ciongolero m'mbali mwa mseu, makiyi ali m'dzanja, fungo la mowa liri thoo, akumana ndi ndime 156 ija, pakuti galimotoyo iri m'manja mwake ndipo akadzidzimuka angathe kunyamuka nayo. Nzeru ndi iyi: ukafuna kumwa, makiyi apatse munthu wosamwa usanayambe, ndipo ukagone m'nyumba.

KUTSIMIKIZA KULEDZERA

Fuwa lacitatu liimikidwa m'njira zitatu. Yoyamba ndi maso ndi mphuno za anthu wamba. Simufunika kukhala dokotala kuti munene kuti munthu anali kudzandira, kuti lilime linali lolemera, kuti maso anali psuu, kuti anagwa potsika, kapena kuti munamuona akumwa kucokera masana. Nenani zimene munaona, cimodzi cimodzi. Koma kugamula kuti sakadatha kuyendetsa ndi nchito ya woweruza. Khoti la apilo la ku England linasiyanitsa ziwirizi pa mlandu wa Davies m'caka ca 1962.

Njira yaciwiri ndi cipangizo copumiramo, cimene a RTSA ndi apolisi amayenda naco. Cipangizo cotere anacikonza Robert Borkenstein wa ku America m'caka ca 1954, ndipo kafukufuku amene anatsogolera mu mzinda wa Grand Rapids, wofalitsidwa mu 1964, anaonetsa kuti ngozi zimaculuka msanga pamene mowa ukwera m'magazi. Dziko la Britain linaika malire a mamiligalamu 80 a mowa m'mamililita 100 a magazi m'caka ca 1967. Lipoti la WHO la 2018 linalemba malire omwewo a 80 pa dzina la Zambia, pamene bungwelo lilangiza maiko kuti malire asapitirire 50. Tanthauzo la malire ndi ili: ngakhale munthu ayende moongoka nanena kuti mutu wake ndi wolimba, nambala ikapitirira, mlandu ulipo.

Njira yacitatu ndi kupimidwa ndi dokotala ndi kutenga magazi ku cipatala. Pano nthawi ndiyo mfumu. Ciwindi ca munthu cimacotsa mowa pang'ono pang'ono, pafupifupi mamiligalamu 15 pa ola limodzi. Kusamba madzi ozizira, kumwa tiyi wowawa, kudya nsima yambiri kapena kutafuna masamba sikufulumizitsa ciwindi. Pamenepa pali maphunziro awiri. Loyamba ndi la oyendetsa: amene wagona pakati pa usiku ali ndi 150 m'magazi, pofika 4 koloko m'mamawa, pamene anyamula anthu opita ku msika, akali ndi pafupifupi 90. Iye aganiza kuti wagona ndipo mowa watha, koma ukali m'thupi. Laciwiri ndi la mboni: ngozi ikacitika madzulo, inu nimukauza apolisi mawa lake masana, umboni wa m'magazi watha kale.

Ciripo cinyengo cina cimene muyenera kucidziwa. Woyendetsa athawa pa malo a ngozi, nakapezeka kunyumba ali ndi botolo m'manja, nati, "Ndinamwa pambuyo pa ngozi kuti mtima ukhale pansi." Cimene cingagwetse bodza limeneli ndi mboni imene inamuona akumwa asananyamuke, ndi imene inamva fungo la mowa pomtulutsa m'galimoto.

Ndipo amene ati botolo limodzi kapena awiri alibe kanthu awerenge ici: galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola iyenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Mowa ukacedwetsa phazi lako kufika pa mabuleki ndi sekondi imodzi yokha, wadutsa kale utali wa ngolo zingapo, ndipo mwana amene anali kuoloka wam'peza.

MLANDU UMENE NDINAUMVA

Ndiri wamng'ono pa nchito yanga ino, ndinatumidwa kukamvera mlandu wina. Sindichula mudzi kapena maina, pakuti ana a anthuwo ali moyo. Lole yonyamula matumba a cimanga ndi anthu ocokera ku msika inagubuduzika pa kona dzuwa litangolowa. Mai wina wogulitsa ndiwo zamasamba anafera pomwepo, nasiya ana anai. Kutsogolo kunali mwini lole ndi mphwake. Mudzi wonse unadziwa kuti mwini loleyo anamwa kucokera masana ndi kuti ndiye anali pa ciongolero. Koma iye anali munthu wothandiza: ndiye ananyamula odwala usiku, ndiye anakongoza feteleza. Usiku womwewo akulu a banja anamcotsa pamalopo nakambisa ku dimba. Anaonekera kwa apolisi patapita masiku awiri, mowa utatha kale m'thupi, nanena kuti anali kuyendetsa ndi mnyamata waganyu amene anathawa.

M'khoti, anthu amene anakwera kumbuyo anaima mmodzi mmodzi, ali yense nati, "Ndinali pa matumba, sindinaone." Wogulitsa mowa anati sakumbukira. Gogo mmodzi yekha analimba mtima nanena kuti anamuona pa ciongolero. Koma kunali cisisira, maso a gogoyo anali ofooka, ndipo anali patali. Woweruza anati mtima wake uli ndi cikaiko, ndipo monga mwa lamulo anammasula munthuyo. Potuluka panja ndinamva anthu omwe aja amene anati sanaone akunong'onezana kuti, "Khoti ladya ndalama." Anzanga, khotilo silinadye kanthu. Linapatsidwa mphika wopanda mafuwa. Mwamuna wa malemu anabwerera kumudzi wapansi, mwana wamng'ono ali kumsana, wopanda ngakhale pepala lomthandiza kufunsa cipepeso.

Palinso mcitidwe woipa kuposa kukhala cete: kusinthanitsa woyendetsa. Bwana woledzera auza mnyamata wake wosamwa kuti, "Unene kuti unali iwe, ndidzakupatsa ng'ombe." Acinyamata, cenjerani. Ngati munthu wafa, mlandu wa ndime 161 udzagwera inu, ndipo ndende mudzalowa ndinu. Bodza likaululika, kulumbira monama m'khoti ndi mlandu pa wokha m'buku la Penal Code, ndipo cilango cake cifika zaka 7. Wonyengerera mnzake kunama alandira cimodzimodzi. Ng'ombe ya lonjezo siilima munda wa munthu amene ali m'ndende.

UFULU WA WOIMBIDWA MLANDU

Cilungamo ciri ndi mbali ziwiri, ndipo mawa woimbidwa mlandu angakhale mwana wanu. Dziwani tsono kuti womangidwa ayenera kuuzidwa cifukwa cake m'cilankhulo cimene amva. Lamulo la kazengedwe ka milandu lifuna kuti wosungidwa m'citokosi aonekere ku khoti msanga, ndipo lichula maola 24. Belo ya kupolisi siigulidwa ndi ndalama. M'khoti ali ndi ufulu wa womasulira Cinyanja kwaulere, ufulu wofunsa mafunso mboni za Boma, ndi woitana mboni zake. Wosauka angapemphe thandizo la loya ku Legal Aid Board. Wosakhutira ndi cigamulo ca mejasitiriti angacite apilo ku Khoti Lalikulu pasanathe masiku 14.

Koma zinthu ziwiri si ufulu. Coyamba, kunena kuti "ndinaledzera, sindinadziwe cimene ndinacita" sikupulumutsa munthu. Pa mlandu uwu kuledzerako ndiko mlandu weniweni. Caciwiri, kupereka kanthu kwa wapolisi kuti atseke maso ndi ciphuphu, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la caka ca 2012 ligwira wopereka ndi wolandira yemwe. Mukapemphedwa ciphuphu, kanenani ku Anti-Corruption Commission.

NCHITO YATHU IFE ATSOGOLERI

Tsono ticitenji ngozi ikacitika pafupi ndi mudzi wathu? Coyamba ndi moyo: thandizani obvulala, muwatumize ku cipatala capafupi, kaya ndi Chipata Central, Mwami, kapena St Francis ku Katete. Caciwiri, imbani lamya kwa apolisi nthawi yomweyo. Nambala yao ndi 991, ndipo ya RTSA ndi 983. Cacitatu, potulutsa anthu m'galimoto yang'anitsitsani amene ali pa mpando wa woyendetsa, cimene wabvala, ndi pamene wabvulala. Cacinai, lembani nambala ya galimoto, nthawi, ndi maina a amene anaona. Amene ali ndi foni yojambula ajambule galimoto ndi malo zinthu zisanasunthidwe. Cacisanu, musacotse mabotolo, makiyi kapena nsapato, ndipo musatole katundu wa pangozi, pakuti kumeneko ndi kuba.

Musammenye woyendetsa. Mkwiyo ndi womveka, koma mukammenya mwadzipalira mlandu wanu, ndipo mwampatsa cifukwa conenera kuti anathawa poopa imfa, osati pobisa mowa. Msungeni mwamtendere kufikira apolisi atafika.

Mukaitanidwa ku khoti, pitani. Samani ya khoti si kalata ya ukwati yoti munthu angaikane. Nenani zimene munaona, osaonjeza ndi osacepetsa. Pamene simunaone nenani kuti simunaone, pakuti mboni yokometsera nkhani imaononga ngakhale coonadi cimene inali naco.

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa ndinena mwaulemu: kupepesana ndi mwambo wathu wabwino. Banja la woyendetsa lipite ku maliro, lithandize bokosi ndi ufa, lipepese. Koma mbuzi ya cipepeso siitseka mlandu wa Boma, ndipo siiyenera kukhala mtengo wogulira mboni kuti zikhale cete. Ndiponso amasiye afunika lipoti la apolisi kuti akafunse malipiro ku inshuwalansi imene lamulo lifuna kuti galimoto iri yonse ikhale nayo. Mukabisa ngozi, mwalanda ana amasiye.

Kwa inu amai ophika ndi ogulitsa mowa: mumdziwa amene wabwera ndi makiyi. Boma linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, koma palibe lamulo limene lingaime pa khomo liri lonse; pamenepo muima ndinu. Ndipo kwa inu nonse okwera: mukamva fungo la mowa kwa woyendetsa, tsikani, ndipo muuze anzanu atsike. Kucedwa ku msika kuli bwino kuposa kufulumira kumanda.

A Pampando, akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Mai uja wa ndiwo zamasamba sanamwe dontho ndi limodzi lomwe. Analipira ndalama yake nakwera monga mukwerera inu. Amene anakhala cete pa mlandu wake anapitiriza kukwera lole yomweyo, ndi woyendetsa yemweyo, pamodzi ndi ana ao. Lamulo liripo, apolisi alipo, makhoti alipo. Koma woweruza sanali pa kona paja dzuwa litalowa. Munalipo ndinu. Mukabwerera ku midzi yanu, itanani anthu, muwafotokozere mafuwa atatu aja, ndipo mugwirizane kuti m'mudzi mwanu woledzera sapatsidwa makiyi, ndi kuti woona ndi maso sabisa.